Kumene Nthambi Sithyoledwa

Munthu wa ku Phalombe akafuna kumenya gofu ayenera kutuluka m'boma lake. Mabwalo a mpira wamiyendo ndi osawerengeka, pafupifupi pasukulu iliyonse pali zigoli za nsungwi kapena za bulugamu, ndipo bawo amapezeka paliponse pamene pali mthunzi ndi amuna awiri opanda changu. Koma gofu kulibe. Bwalo loyandikira lili kuseri kwa phiri, ku Mulanje Golf Club, ndipo kuti ukafikeko umatsata msewu uja wochokera ku Zomba kudzera ku Jali, wodutsa kwathu n'kukatulukira pa Chitakale. Ine ndinabadwira m'chigwa chimenechi, kufupi ndi Migowi, moyang'anizana ndi phiri la Michesi. Gofu ndinamudziwira ku Blantyre imvi zitayamba kale, chifukwa cha anzanga akuntchito amene nkhani zawo zonse zinkathera pabwalo.

Nyengo ina yozizira tinapangana ndi anzangawo kuti tiyende ulendo wa gofu m'mabwalo ang'onoang'ono a kum'mwera: Mulanje, Thyolo, kenako Zomba. Mabwalo amenewa ndi a maenje 9, osati 18 monga la Lilongwe Golf Club, choncho wofuna masewera athunthu amazungulira kawiri. Mlendo sabwezedwa pakhomo. Umalipira ndalama ya tsikulo, n'kupatsidwa kadi, munthu wokunyamulira chikwama cha ndodo, basi ulendo wayambika. Ine ndinatsogola kukagona kumudzi kuti ndikaone mayi, ndipo anzangawo ndinakakumana nawo pa Chitakale m'mawa kukadali nkhungu.

Msewu umenewu subisa kanthu za dziko lathu. Kumanzere kuli phiri, kumanja chigwa chotambalala chimene chimakathera ku nyanja ya Chilwa. Chimanga chinali chitakololedwa, m'minda mutatsala nandolo yekha. Mitengo yooneka inali ya mango m'makomo ndi mizere ya bulugamu m'malire a minda. Kuchokera kuphiri kunkatsika amayi atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni akewo, ndi anyamata akukankha njinga zomangidwa matumba a makala, matayala ataphwa ndi kulemera. Zimenezi ndakhala ndikuziona chibadwire, moti maso anasiya kuziwerengera. Ukadutsa pansi pa thanthwe la Chambe n'kumayandikira ku Mulanje, dziko limasintha mtundu. Minda ya tiyi imakhala yobiriwira ngakhale mvula italeka, chifukwa mbali iyi ya phiri ndiyo imalandira mvula yambiri ndi chiperoni. Tiyi anayamba kulimidwa kuno mu 1891, ndipo makalabu a masewera a ku Mulanje ndi ku Thyolo anabadwa chifukwa cha azungu a m'maesiteti, amene ankafuna pokacheza ntchito ya sabata ikatha.

Bwalo lotambalala limakhululuka. Mpira ukapatuka umakaupeza pa udzu wotalikirapo, n'kupitiriza ulendo. Bwalo la mitengo silitero. Ukaima poyambira dzenje n'kuponya maso kutsogolo, umaona mpata wa udzu wometedwa bwino, umene osewera amati fairway, ndipo uku ndi uku kwaima mitengo yakale, nthambi zake zitatambasukira mumpatamo. Kampirako n'kakang'ono, sikafika masentimita 5 m'mimba mwake ndipo sikapitirira magalamu 46, koma kakamenyedwa ndi driver, ndodo yaitali kuposa zonse, kamatha kuuluka mamita 200. Pa mtunda wotere nkhope ya ndodo ikangopendekeka pang'ono pogunda, mpira umanyamuka bwinobwino, n'kuyamba kukhota uli m'mwamba, mpaka kulowa m'masamba. Mumamva kuti kho! pa thunthu, kenako zii, aliyense atatchera khutu kuti amve kumene wagwera. Kuyambira mu 2019 malamulo amapereka mphindi zitatu zokha zosakira mpira wotayika, pamene kale zinali zisanu. Zikatha usanaupeze, umabwerera pamene unamenyera, n'kudzionjezera shoti imodzi yachilango. Pa masewera amene wopambana ndi womenya mashoti ochepa, zimenezi zimawawa.

Kadi wanga anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula, wa maso otha kutsata mpira ngakhale ukudutsa pakati pa masamba. Pa dzenje lina lopanikizika ndinatambasula dzanja kuti nditenge driver, iye osamasula chikwama.

"Bwana, imeneyo isiyeni. Tengani ayironi, faifi."

"Madala, kutalitu uko."

"Kutali inde. Koma mitengoyi sinasunthepo chiyambire ine kunyamula zikwama. Osuntha ndinu."

M'chikwama mumaloledwa ndodo 14, ndipo bwalo lopapatiza limakukakamiza kugwiritsa ntchito zimene kubwalo lotambalala zimangogona. Umasankha mashoti awiri aafupi otsimikizika m'malo mwa imodzi yaitali yodalira mwayi. Mpira ukagona kuseri kwa thunthu, umautulutsa cham'mbali, nthawi zina cham'mbuyo kumene, kuti ubwerere poyera, ngakhale mtima ukukuuza kuti pakati pa mitengo iwiri ija pali kampata. Umaphunzira kumenya motsitsa kuti mpira uyende pansi pa nthambi, ndiponso kuyang'ana kumwamba usanayang'ane kutsogolo. Za kudekha ndi kudzichepetsa anthu a gofu amazikamba mpaka kutopetsa, ndipo sindionjezerapo. Chimene chinanditsalira mumtima ine n'china.

Mnzathu wina, wowerengera ndalama pa kampani ina ya ku Limbe, mpira wake unakagona pansi pa mtengo wa nthambi zolendewera. Tonse tinali patali, aliyense akulimbana ndi zake. Poyeserera kamenyedwe, ndodo yake inakola kanthambi kamene kanali kumbuyo kwake n'kukathyola. Palibe anaona, ngakhale kadi wake anali atatsogola. Titamaliza dzenjelo, tikuwerengetsera mashoti, iye anati, "Amwene, ine mundilembere eyiti, osati sikisi. Ndathyola nthambi uko." Wolembayo anangogwedeza mutu n'kulemba. Panalibe womuyamikira, panalibenso wodabwa.

Lamulo lake ndi lalifupi. Mpira umamenyedwa monga wagonera, ndipo bwalo limaseweredwa monga walipezera. Suloledwa kuthyola, kupinda kapena kusuntha chomera chilichonse kuti upeze mpata womenyera bwino. Ukatero, ngakhale mwangozi poyeserera, malinga ngati zakuthandiza, chilango ndi mashoti awiri. Tsamba louma logwa pansi ungachotse, koma chamoyo ayi. Mabwalo ambiri amaikanso lamulo lawo loteteza timitengo tongobzalidwa kumene: mpira ukagona pafupi ndi kamtengo komangiriridwa ku chikhomo, uyenera kuutola n'kukauponya potalikirako popanda chilango, kuti ndodo isakavulaze. Mtengo waukulu umakulanga, waung'ono umaupatukira. Malamulo oyamba olembedwa a masewerawa anakonzedwa ku Leith, ku Scotland, mu 1744, ndipo analipo 13 okha. Lero achuluka, buku lake ndi lonenepa, koma mizu yake sinasinthe. Pa masewera wamba sipakhala woimbira. Wodziwa ngati nthambi yathyoka ndi amene waithyola.

Tikuyenda kupita ku dzenje lotsatira ndinakweza maso. Pamwamba pa mitengo ya pabwalopo pankaoneka phiri lenilenilo, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Phiri limeneli linalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Michesi, amene wapatukana nalo pa mpata wa Fort Lister, nayenso ndi nkhalango ya boma. Lamulo la nkhalango la mu 1997 lilipo, ndipo mu 2020 analikhwimitsa, zilango zinakwera. Alonda alipo, zipata za pamsewu zilipo, makhoti alipo. Komabe mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, unadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. Matabwa ake onunkhira, osadyedwa ndi chiswe, ankatsika phiri pamitu ya anthu usiku ndi usana. Ku Michesi, kumene tili ana tinkakatola masuku ndi bowa, malo ambiri otsetsereka asanduka zitsa, minda ndi mauvuni a makala. Pansi pano kanthambi kamodzi kadyetsa munthu mashoti awiri popanda mboni. Pamwambapo nkhalango yathunthu yatha lamulo likuyang'ana.

Kwa munthu wa ku Phalombe nkhani ya phiri si yokambira kukongola. Mu Marichi 1991 mvula inagwa masiku otsatizana, Michesi anang'ambika, ndipo madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika n'kusesa midzi ndi mbali ya boma la Phalombe. Anthu mazanamazana anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo. Miyala ina ikadali pomwe inaimira, pakati pa minda, anthu amangolima mozungulira. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa amene anasakazidwa koopsa, pamodzi ndi madera a ku Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre. Kunena zoona, phiri lotsetsereka chotere likakhuta madzi limatha kugumuka ngakhale lili ndi mitengo. Koma nthaka yovulidwa simwa madzi. Imawathamangitsira kumunsi onse nthawi imodzi, atanyamula dothi limene limakwirira mitsinje, ndipo mtsinje wokwiririka umasefukira ndi mvula imene kale unkaimeza. Chaka chimene Napolo sanadutse timalipirabe pang'onopang'ono: ngalande zodya minda, milatho yokokoloka, zitsime zouma mwezi wa Okutobala usanafike.

N'chapafupi kumaliza nkhaniyi ponena kuti anthu a gofu ndi olongosoka ndipo akumudzi ndi owononga. Limenelo ndi bodza, ndipo ndi bodza lokoma m'kamwa mwa munthu wokhuta. Wosewera gofu sathyola nthambi chifukwa nsima yake siphikidwa ndi nthambiyo. Mayi wotsika ndi mtolo ku Michesi alibe njira ina yophikira, monga zilili m'mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amene amadalira nkhuni ndi makala. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 400,000 m'boma la Phalombe, ndipo ambiri mwa iwo amalima malo osakwana hekitala imodzi. Bwalo la gofu la maenje 9 limatha kudya mahekitala oposa 20, malo amene kwathu angadyetse mudzi. Mbiri ya malo a mbali ino tikuidziwa. Makolo athu ambiri Achilomwe anaoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzapeza nthaka yabwino ili kale m'manja mwa eni maesiteti, ndipo kuti apatsidwe pokhala ankagwira thangata. M'makalabu amene lero timalowa ndi zikwama zathu, munthu wakuda pa nthawi ya atsamunda ankalowa ngati wantchito. Mthunzi wa pabwalo la gofu uli ndi mtengo wake, ndipo ena mwa amene anaulipira sanakhalepo pansi pake.

Pali chinanso. Tikuchoka ku Mulanje kupita ku Thyolo, galimoto ya kutsogolo inaima m'mbali mwa msewu. Mnzathu uja wodzilembera eyiti anatsika, n'kuyamba kunenerera matumba a makala. "Akumpanda anandituma," anatero, "magetsi sakudalirika masiku ano." Matumba anakwezedwa pamwamba pa zikwama za gofu, ndipo palibe mwa ife amene anaona chachilendo, pakuti tonse m'nyumba zathu za m'tauni muli mbaula. Makala ambiri sapsa kumudzi. Mnyamata wa ku Michesi amadula, kuotcha ndi kupalasa, koma moto wake umakayaka ku Ndirande, ku Chilomoni ndi ku Namiwawa komwe. Munthu mmodzi yemweyo, wa chikumbumtima chimodzi chomwecho, anadzilanga chifukwa cha kanthambi m'mawa, madzulo n'kugula mitengo yathunthu yotenthedwa. Sanasinthe khalidwe pakati pa Mulanje ndi Luchenza. Chinasintha n'chakuti pabwalo mtengo unali wake ndi wa anzake, pamene mtengo wa m'thumba lija unalibe mwini amene iye akanachita naye manyazi.

Umboni wakuti umphawi pawokha sumaliza mitengo uli kwathu komweko. Mukaima pamalo okwera n'kuyang'ana chigwa cha Phalombe, mudzaona apa ndi apo timagulu ta mitengo yakuda bii, yaitali, yachilengedwe, titazunguliridwa ndi minda yopanda kanthu. Mwana aliyense amadziwa kuti amenewo ndi manda. Mulibe mpanda, mulibe mlonda, mulibe chikwangwani. Mayi yemwe uja woyenda mtunda wautali kukasaka nkhuni kuphiri amadutsa pambali pa manda, nthambi zouma zili mbwee pansi, osatolapo ngakhale imodzi. Kumanda salowako wamba. Amalowa adzukulu pa tsiku la maliro, kapena mudzi wonse pa tsiku losesa, mfumu italola. Wopezeka akudula mtengo kumeneko amakayankha kubwalo la mfumu, ndipo nkhuku kapena mbuzi imene angalipe ndi yaing'ono poyerekeza ndi mbiri imene imamutsatira. M'madera ena ngakhale manda ayamba kudyedwa m'mphepete, koma mpaka lero mbawa, mikuyu ndi mitengo ina imene inatha m'minda imapezeka kumeneko. Anthu osauka omwewo, a njala yomweyo, asunga nkhalango zimenezi mibadwomibadwo.

Manda ndi bwalo la gofu ndi malo osiyana kotheratu, ena a misozi, ena a anthu ofuna kupuma, koma chimene chimaimiritsa mitengo yake ndi chimodzi. Malire ake ndi odziwika, aliyense angathe kuloza pamene ayambira ndi pamene athera. Eni ake amadziwana maina ndipo adzaonananso mawa. Mtengo uli ndi ntchito uli chiimire: kumanda umaphimba makolo, pabwalo ndiwo masewerawo, chifukwa ukaudula dzenje lovuta lija limasanduka dambo wamba. Lamulo ndi lalifupi moti mwana angaliloweze, ndipo silinachokere kutali, ndi la eni malowo. Wolakwa amalangidwa msanga, ndi chilango chochepa koma chosalephera, pamaso pa anthu amene ulemu wawo amaufuna. Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa chosonyeza zofanana ndi zimenezi. Atafufuza nkhalango, madambo odyetsera ziweto ndi ngalande zothirira m'maiko ambiri, anapeza kuti chuma cha onse sichitha kumene ochigwiritsa ntchito ali ndi malire omveka, malamulo odzipangira okha ndi njira yoyang'anirana. Agogo athu sanawerenge mabuku ake, koma manda awo ndi chitsanzo cha zomwe iye analemba.

Nkhalango ya boma ilibe zambiri mwa zimenezi. Mzere wa mu 1927 unajambulidwa ndi boma la atsamunda, ndipo kwa anthu okhala m'tsinde mwa phiri unatanthauza kuti malo amene makolo awo ankasakako nyama, kutolako mankhwala ndi kuthirako nsembe tsopano ali ndi mwini wina wokhala ku Zomba. Ufulu utabwera mwiniyo anangosintha dzina, kenako n'kusamukira ku Lilongwe. Mawu akuti "n'za boma izi" tonse timawadziwa, ndipo timadziwa zimene zimachitikira mpando, galimoto kapena mankhwala zikatchulidwa choncho. Mtengo wa boma ukaimirira supindulira munthu wa m'mudzi, ukagwa umamupatsa ndalama ya sopo ndi ya sukulu. Akausiya iye, audula mnzake usiku womwewo. Pamenepo kudula si kupusa, ndi masamu. Ndipo odula mkungudza ambiri anali aganyu chabe, otumidwa ndi anthu a ndalama amene phiri sanalikwerepo.

Ku Thyolo tinasewera pakati pa fungo la tiyi, ku Zomba pansi pa phiri lina lomwe nalonso likuvulidwa. Bwalo la Gymkhana Club lili m'kati mwa mzinda, ndipo anthu oyenda pansi amadutsa m'mbali mwake popita ku ntchito ndi kumsika, moti nthawi zina umadikira kaye munthu adutse usanamenye. Ena mwa anzanga zinkawanyansa. Ine ndinkaona kuti n'zoyenera. Ku St Andrews, kumene chiwerengero cha maenje 18 chinakhazikika mu 1764, bwalo lakale lotchuka lija lili pa malo a anthu onse, ndipo Lamulungu gofu amaima kuti anthu a m'tauniyo ayendepo ndi ana awo ndi agalu awo. Bwalo limene anthu ozungulira amapindula nalo, kaya ndi njira, mthunzi kapena ganyu ya ukadi, limakhala ndi maso ambiri oliyang'anira. Lotsekedwa ndi waya limadalira mlonda, ndipo mlonda amagona.

Zoyesayesa zobwezera phiri m'manja mwa anthu zilipo. Lamulo la mu 1997 lomwe lija limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo ndi makomiti oziyang'anira, ndiponso kugwirizana ndi boma posamalira zigawo za nkhalango zotetezedwa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mothandizana ndi akatswiri a nkhalango, linakhazikitsa manazale a mkungudza m'midzi yozungulira phiri, kumene anthu amafesa mbande n'kuzigulitsa kuti zikabzalidwe kumtunda, ndipo mbande mazana a zikwi zakwera kale phirilo. Anyamata operekeza alendo ndi onyamula katundu pa Likhubula ndi pa Fort Lister amadya chifukwa phiri likadali lokopa. Alimi a njuchi amafuna maluwa, osati zitsa. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu chinali ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amalipatsa monga malo a mizimu. Zonsezi zimayenda bwino pamene munthu wa m'mudzi akutha kuloza chigawo n'kunena kuti ichi n'chathu, phindu lake ndi ili, ndipo wodula muno akayankha kwa ife. Zimafooka pamene komiti yangopangidwa kuti ilandire alendo a polojekiti, n'kutha tsiku limene galimoto zawo zasiya kubwera.

Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timabzala mitengo, akuluakulu atavala zipewa, atolankhani akujambula. Kubzala sikunativutepo. Chimene chimativuta ndi chaka chachitatu, kamtengo kakafika pa msinkhu wa mpini wa khasu, moto wolusa ukadutsa, mbuzi zikamasulidwa, munthu wofuna mtanda wa denga akadzera pomwepo madzulo. Pa nthawi imeneyo kamtengoko kamafuna chimene timitengo ta pabwalo la gofu tili nacho: chikhomo, mwini, ndi anthu ogwirizana kuti apatuka.

Mbali ina ya mlanduwu ndi yathu, ife a m'tauni amene timatha kulipira tsiku la gofu, mafuta a galimoto ndi chakumwa cha pambuyo pake. Ndalama imene timawononga pa ulendo umodzi wotere ingagule silinda ya gasi ndi chitofu chake. Mayi wa ku Nkhulambe sangasankhe chophikira, ife tingathe. Tikamakamba za kutha kwa Michesi timakonda kuloza wonyamula nkhwangwa, chifukwa ndiye wooneka, ndipo wogula amakhala atakwera kale galimoto. Gofu amatiphunzitsa kudziwerengera chilango popanda wotiona, ndipo timanyadira kuti ndife anthu otero. Ngati khalidwe limenelo limathera pa geti ya kalabu, ndiye kuti si khalidwe, ndi lamulo la masewera chabe. Matumba a makala amene timakweza pamsewu wa ku Mulanje nawonso ayenera kulembedwa pa dzina la wogula, ndipo wolemba wake palibe wina koma ife tomwe.